Bwalo la Chiuli ndi Matako a Nyani

Pali malemu amayi anga, mphezi indiwambe pano ngati ndinamapo ngakhale liwu limodzi!

Nyama za ku dambo la Chigumukire zinali ndi timu ya basiketibo. Zinkaponya mpira m'dengu lobooka lomwe zinapachika pa mtengo wa mbawa. Chiuli, wotchinga adani, atakalamba n'kusiya kusewera, nyama zinagwirizana kuti bwalo litchedwe dzina lake. Nyani, katswiri wogoletsa, atamva, chakudya chinaleka kulowa.

"Abale anzanga," anatero pamsonkhano, "Chiuliyu anagoletsapo kangati? Zigoli zanga ine zikuposa mchenga wa mu Shire! Iyeyu ankangoima pamaso pa anzake ngati chitsa."

Njati, woyimbira masewero, anafunsa kuti, "Nanga a Nyalugwe a timu ya kutsidya, amene kwina ankagoletsa mazanamazana, bwanji kuno ankabwerera chimanjamanja?"

"Anali ndi chimfine."

"Zaka makumi atatu zonse, achimwene?"

Nyama zinafa nako kuseka. Nyani magazi anawira. "Mkuluyu aime apo! Ndikagoletsa kamodzi kokha, bwalo ndi langa."

Chiuli anatsokomola, n'kuika ndodo pansi. "Bwerani, bambo."

Nyani anathamangira kumanja, Chiuli ali pompo. Kumanzere, ali pompo. Anadumpha mpaka kugunda mtambo, mvula n'kuwaza midzi isanu, koma m'manja mulibe kanthu: mpira unali utatsala pansi, m'manja mwa Chiuli. Nyani anatera ndi matako, phi! Anayesa kuyambira nthawi yobzala mpaka yokolola, akungotera pomwepo, ubweya wonse wakumatako n'kusupuka.

"Mukudziwa bwanji kumene ndikulowera?" anafunsa akulira.

"Anzanga amayang'ana mpira," anatero Chiuli. "Ine ndimayang'ana mchira. Wanuwo umaulula zonse musanasunthe phazi."

Bwalo linatchedwa Pa Chiuli. Nyani anathawira kuphiri, ndipo mpaka lero matako ake ndi ofiira, opanda ubweya.

Phunziro: Chigoli chimene mnzako watchinga n'cholemera ngati chimene iwe wagoletsa. Wansanje akanyoza ntchito imene sakuidziwa, amatsala ndi zipsera zokha.

Mukuti chiyani inu akumbuyoko? Ati chiuli ndi wamfupi, sangatchinge nyani? Zamkutu! Munamuona ali mnyamata inu? Nthawi imeneyo nyamalikiti ankamupatsa moni atayang'ana kumwamba!