Namaluwa ndi Ana Opanda Mbola

Padangokhala, ana inu, m'mphako ya mtengo wa mbawa munali mudzi wa njuchi. Tsiku lina mfumukazi, mayi wa onse, anagwa pachisa n'kumwalira. Woikira mazira wina panalibe.

Naphala, mlezi wa tiana, anati, "Abale anga, tifulumire. Tiana taswa dzulo tilipo tisanu. Kamodzi tikakadyetsa phala lachifumu masiku atatu asanathe, kadzakhala mfumukazi. Akangotha masikuwo, basi, n'kantchito ngati ife."

Namaluwa, katswiri wotuta timadzi ta m'maluwa, anakupiza mapiko. "Ine ndigwadire kamphutsi? Amene anabala kameneko si amene anabalanso ine?"

"Ndi omwewo, achemwali. Koma inu munakulira phala la antchito, thupi linakhwima kale. Kukwatiwa simungakwatiwe."

"Mazira ndiikira ndine!"

Namaluwa ndi anzake anazinga tiana tija, mbola zili panja. Tsiku loyamba Naphala anabwera ndi phala, anamubweza. Lachiwiri anabweranso, anamubweza. Lachitatu anagwada, misozi ili chuchuchu. Anamubwezabe.

Namaluwa anaikiradi mazira, atatuatatu m'kachipinda kamodzi. Anaswa, anakula. Koma poti mayi wawo sanakwatiwe, onse anali amuna okhaokha, maso aakulu, mimba zonenepa.

"Ana anga, katuteni timadzi."

"Malilime athu ndi aafupi. Tidyeko, amayi, tidyeko!"

"Ana anga, mangani chisa."

"Phula ife sititulutsa. Tidyeko, amayi, tidyeko!"

Antchito ankakalamba n'kumafa mmodzimmodzi, olowa m'malo palibe. Uchi unayamba kutha.

M'mawa wina linthumbu linakwera mbawa uja, mzere wakuda bii kuchokera pansi. Alonda anali atatsala asanu ndi awiri. Naphala anathamangira pakhomo kukawathandiza. Analuma, analumanso, mpaka linthumbu linamukuta osaonekanso.

Namaluwa anakuwa, "Ana anga, lumani! Lumani!"

Ana ake mazanamazana anacheuka, aliyense kudziyang'ana kumbuyo.

"Tilume ndi chiyani, amayi? Tinabadwa opanda mbola."

Anatulukira pa kabowo ka pamwamba, waa, onse. Namaluwa anatsala yekha pachisa chouma, akumva timiyendo ta linthumbu tikuyandikira.

Nthano yanga yagwera pamenepo, ana inu: udindo mungathe kuulanda, koma chibadwa chogwirira udindowo sichilandidwa.