Tsiku Limene Sulutani Hazimu Anayenda Wapansi

Sulutani Hazimu anafika pa mzikiti wa Shehe Mundhiri akuyenda wapansi. Anthu amene anamuona anangoti kukamwa yasa, pakuti palibe anamvapo kuti mfumu imeneyi inapondapo fumbi la mzinda wogonja ndi mapazi ake. Nthawi zonse ankalowa m'mizinda ali pamsana pa kavalo wake wakuda, dzina lake Gamamu. Koma tsiku limenelo ankamutsogolera pang'onopang'ono atagwira chingwe, chifukwa kavaloyo anali ndi bala la muvi m'nthiti, ndipo ankapuma movutikira.

Izi zinachitika kalekale, ku maiko a kum'mawa, mu mzinda wa Marzuba. Hazimu anali atagonjetsa mafumu a kumapiri ndi a kuchipululu, ndipo Marzuba ndiwo unali utangogwa m'manja mwake. Amuna onse a mumzindawo anawasonkhanitsa kumsika, manja atamangidwa, asilikali atawazungulira.

Shehe Mundhiri anali nkhalamba ya mumzinda momwemo, munthu wophunzira kwambiri koma wosafuna ulemu. Ana awo aamuna ndi ophunzira awo ambiri anali pakati pa omangidwawo. Nthawi imeneyo n'kuti Shehe atangotsiriza swala, pemphero lamasana, atakhala pamphasa pansi pa mkuyu wa pabwalo la mzikiti, pamodzi ndi okalamba anzawo amene asilikali sanawamange.

"Assalamu alaikum, Shehe," anatero Sulutani.

"Wa alaikum salaam, mfumu. Khalani pamthunzi, mwayenda padzuwa."

Hazimu sanakhale. Anati, "Ndamva kuti dua yanu sibwerera chabe. Mupempherereni kavalo uyu. Akachira, amuna amene ali kumsika abwerera kwa akazi awo. Akafa, onsewo amutsatira, pakuti muvi umene wamulasa unachokera pa linga lawo."

Shehe anadzuka, napita kuchitsime cha mzikiti, natunga madzi m'beseni, nkudzawaika patsogolo pa kavaloyo. Gamamu ananunkhiza madziwo, koma anatembenuzira mutu kumbali.

"Musavutike," anatero Hazimu. "Samwa madzi opatsidwa ndi munthu wina."

"Ndiye mumwetseni inu, mfumu. Ali ndi ludzu."

Sulutani anagwada pafumbi, natapa madzi ndi manja ake awiri, ndipo kavaloyo anamwa. Asilikali amene anamuperekeza anayang'ana pansi, chifukwa anali asanaonepo mbuye wawo atagwada.

Pamenepo Shehe anati, "Ndimupempherera, pakuti ndi cholengedwa cha Allah ndipo akumva ululu. Koma sindingachite malonda ndi Mwini moyo. Sindingamuuze kuti achiritse uyu n'cholinga choti awo asaphedwe. Iye salamulidwa ndi ine, ndipo salamulidwa ndi inu. Balali ndaliona. Kavalo wanu sachira, pokhapokha Allah atafuna zimene maso anga sakuziona."

"Kodi simukuopa? Ana anu ali kumsika komweko."

"Ndikuopa, mfumu. Thupi langa lili pano koma mtima uli kumeneko. Komabe bodza langa silingamasule chingwe ndi chimodzi chomwe."

Mkulu wa asilikali, dzina lake Tawuki, anagwira lupanga, koma Hazimu anamuletsa ndi dzanja.

"Mukulankhula chonchi chifukwa simukudziwa kuti uyu ndani," anatero Sulutani. "Dzana, pamene tinkamenya linga lanu, ndinalowa patali ndekha, ndipo adani ananditsekera kumbuyo. Njira inatsala imodzi yokha, ya kumtsinje, ndipo mtsinjewo unali wodzaza. Gamamu anadumphira m'madzi ine ndili pamsana ndi zida zanga zonse. Anasambira, anakwera phompho la kutsidya, anathamanga mpaka kumisasa yathu. Nditatsika ndi pamene ndinaona muvi uli chilowere m'nthiti mwake. Unamulasa tisanafike kumtsinje. Njira yonseyo sanapunthwe, sanalire, sanafune kundigwetsa. Anadikira kuti phazi langa liponde pansi, ndiye miyendo yake inayamba kunjenjemera."

"Subhanallah," anatero Shehe chapansipansi potamanda Allah, ndipo okalamba aja anabwereza mawu omwewo.

"Ndili ndi nduna, ndili ndi abale, ndili ndi ana," anapitiriza Hazimu. "Chakudya changa amayamba alawa ena. Ndikamagona, lupanga limakhala kumutu. M'dziko lonse limene ndalanda, ndi uyu yekha amene ndingamufulatire popanda mantha. Ndiye inu mukuti afe, ndipo omupha akhale ndi moyo?"

"Ndiuzeni, mfumu," anatero Shehe, "kavalo wotere munamulanda pa nkhondo iti?"

"Sindinamulande."

"Munamugula kwa yani?"

"Sindinamugule."

Hazimu anaika dzanja pakhosi pa kavaloyo. Kenako anati, "Ndisanakhale mfumu ndinali wothawathawa. Amalume anga anapha bambo anga nkutenga mpando, ine ndinabisala kuchipululu, kwa abusa. Abusawo anali ndi mwana wa kavalo amene anawakanika. Anamukwapula mpaka msana unachita zilonda, koma chishalo anakana. Anamumangirira padzuwa kuti njala imufewetse. Ine ndinalibe chikoti, ndinalibe chilichonse. Ndinkangopita ndi madzi m'chikho nkukhala patali. Poyamba ankandithamangitsa. Kenako anayamba kumwa ine ndikachoka. Kenako anamwa ndili pomwepo. Ndinamutsuka zilonda, ndinamuingitsira ntchentche. Nyengo yamvula itafika, tsiku lina ndinamumasula kuti azipita, poti abusa ankafuna kumupha. Ndinatembenuka kubwerera kumsasa, ndipo ndinamva mpweya wake paphewa langa. Anali akunditsatira."

Sulutani akulankhula choncho, Gamamu anapinda miyendo yakutsogolo, nagona pansi pang'onopang'ono. Hazimu anakhala pafumbi, nanyamula mutu wa kavaloyo nkuutsamiritsa pamiyendo yake. Shehe anakweza manja napemphera motsitsa mawu, kuti Allah aichepetsere ululu nyamayo. Kavaloyo anayang'ana mbuye wake, anapuma mozama, ndipo mpweyawo sunabwererenso.

Okalamba aja anagwirana manja pansi pa mikanjo yawo, aliyense akuganiza za mwana wake. Munthu amene mayiko ankanjenjemera pomva dzina lake anakhala pamenepo misozi ikutsikira m'ndevu, osaipukuta.

Tawuki anasendera pafupi nati, "Mbuye wanga, ndipite kumsika?"

Hazimu anatsegula pakamwa kuti alamule, koma Shehe anati, "Mfumu, ine ndine nkhalamba ndipo ndili m'manja mwanu. Ndiloleni ndilankhule iyeyu asanapite. Mukatero muchite zimene mukachite."

"Lankhulani."

"Munthu amene anaponya muvi uja anaima pa linga la kwawo, ana ake ali kumbuyo kwake. Sindikudziwa kuti ndani, ndipo ndikanadziwa sindikanamutchula. Koma kavaloyu sanalote yekha zobwera ku Marzuba. Msipu unalipo kumene anachokera. Alipo amene anamulozetsa pansi pa linga, iye nkupita, chifukwa chokonda womulozetsayo."

Nkhope ya Sulutani inada. "Mukuti ndamupha ndine?"

"Nthawi yake inalembedwa ndi Amene anamulenga. Ine ndikungoti, mukafuna kuwerenga manja amene anakhudza imfa iyi, muyambire pafupi."

Tawuki anasolola lupanga mpaka pakati. Shehe sanamuyang'ane n'komwe. Anapitiriza ndi mawu ofatsa omwe aja:

"Gamamu sankadziwa kuti ndinu Sulutani. Maina a mizinda imene munalanda sankawadziwa. Ankadziwa dzanja limene linamubweretsera madzi pamene ena ankamubweretsera chikoti. Zonse zimene muli nazo munazitenga ndi lupanga, n'chifukwa chake mumazilondera ndi lupanga. Chinthu chimodzi chokha munachipeza ndi chifundo, ndipo ndi chokhacho chimene chakuferani. Njira yofikira pamtima mumaidziwa, mfumu. Allah anakuphunzitsani kuchipululu muli opanda kanthu. Koma mwaiyendapo kamodzi kokha, pa nyama imodzi. Kumsika kuja kuli anthu omangidwa padzuwa, ndipo chiyambire m'mawa sanamwe madzi."

Hazimu anaweramira pamutu pa kavalo wake nthawi yaitali. Kenako, osadzutsa nkhope, anati, "Tawuki."

"Mbuye wanga."

"Bwezera lupanga. Pita kumsika, ukawamasule onse. Uwapatse madzi, azipita m'makwawo. Woponya muvi uja asafunidwe."

Tawuki anazengereza pang'ono, ngati sanamve bwino, kenako anawerama nkuthamanga. Mmodzi mwa okalamba aja anagwetsa nkhope pansi kuthokoza Allah, ndipo kulira kwake kunamveka bwalo lonse. Shehe Mundhiri anatseka maso, koma sananene mawu oyamikira mfumu, poopa kuti ingayese kuti yachita zoposa zimene inayenera kuchita.

Patapita nthawi, kuchokera cha kumsika kunamveka nthungululu za akazi. Hazimu anamvetsera. Anali atazolowera kumva mizinda ikulira pa dzina lake, koma phokoso lotere anali asanalimvepo.

"Shehe," anatero, ndipo tsopano mawu ake anali a munthu wofunsa, osati wolamula. "Ndimuika m'manda pomwe pano, mukalola, pansi pa mkuyu uwu."

"Kunja kwa mpanda wa mzikiti kuli dothi lofewa. Tikuthandizani kukumba."

"Ndili ndi funso lina. Musandibisire. Kodi kumene tikupitako tikamwalira ndidzamuonanso?"

Shehe anayang'ana kavalo uja, amene ngakhale atafa anali wochititsa nthumanzi, khosi lake lalitali lili pamiyendo ya mbuye wake. Ndipo anati:

"Zimenezo sindizidziwa, mwana wanga, ndipo sindinena zimene sindinapatsidwe kuzidziwa. Ndinena zimene ndaona. Cholengedwa ichi chinali ndi mbuye mmodzi, mbuye woti amakwiya, amalakwa, ndipo tsiku lina adzafa. Koma chinamumvera m'madzi ndi pamtunda, muvi uli m'nthiti, mpaka mpweya womaliza. Iyeyu wamaliza ntchito yake, ndipo palibe mlandu ukumudikira. Amene akudikiridwa ndi inu ndi ine. Inunso muli ndi Mbuye mmodzi. Iye salakwa ndipo safa, ndipo anayamba kukusamalani musanadziwe n'komwe dzina lake. Zaka zonsezi wakhala akukukokani chingwe, inu nkumalimbitsa khosi. Lero wakokanso, ndipo mwatembenuka. Dzukani, mukaike kavalo wanu, kenako mukakhale kwa Allah monga mmene iyeyu analili kwa inu."