Mbewu za Chisekeseke ndi dzina la Mayi Fanesi

Ana inu, mukamamva akulu akunena za mlendo ndi mame, dziwani kuti mawuwa anatuluka m'kamwa mwa munthu amene mtima unali utasweka.

Pa msika wina wa kumudzi panali Mayi Fanesi Nankhoma, wogulitsa mbewu. Zaka makumi awiri anali pa ntchitoyi, ndipo alimi ankagula kwa iye osafunsa zambiri. Chuma chake chenicheni chinali dzina lakelo, poti sitoloyo inali kachipinda kamodzi basi.

Chaka china kunafika mzungu wotumidwa ndi kampani yaikulu ya mbewu ya kutsidya kwa nyanja. Dzina lake linali lopinda lilime, choncho anthu anangomutcha Chisekeseke, chifukwa mano ake sankabisika. Atafunsafunsa za munthu amene alimi amamukhulupirira, aliyense analoza kwa Fanesi.

Chisekeseke anamutengera Fanesi ku tauni kwa loya, ndipo loyayo anafotokoza kuti njira zinalipo ziwiri. Kampani ya kunjayo ikanatha kutsegula nthambi yake kuno, ndipo chilichonse cholakwika ikanayankha yokha ngati kholo. Apo ayi, akanalembetsa kampani yatsopano ya konkuno, yoima payokha, eni ake akunja n'kungokhala ndi magawo, koma woyang'anira wake akhale Fanesi. Chisekeseke sanachedwe kusankha njira yachiwiriyo. Anati akufuna kampaniyo ikhale ya Amalawi, ndipo dzina la mayi likhale pamwamba.

Fanesi zinamukomera. Kwawo mwamuna wolongosoka amadzamanga nyumba kumudzi kwa mkazi, ndiye iye anaona ngati mlendoyu ndi mkamwini amene wabwera kudzakhazikika. Mlongo wake Jelasi, yemwe anagwirapo ntchito ya umesenjala kukhoti, anapukusa mutu.

"Mlongo, mkamwini amabwera ndi ankhoswe," anatero Jelasi. "Uyuyu zikavuta tikamupeza kwa yani?"

Fanesi anayankha kuti achimwene ali ndi nsanje chabe. Anasaina, ndipo kunena zoona, tsiku limenelo anayenda ngati wagula msewu wonse.

Matumba a mbewu anafika, olembedwa dzina la Fanesi m'zilembo zofiira. Alimi a midzi khumi ndi iwiri anasiya mbewu zawo zamakolo n'kubzala zatsopanozo. Mvula inagwa bwino. Sabata inatha, yachiwiri inathanso, koma m'mizere munali zii. Alimi atafukula anapeza njere zitaola. Pofuna kubzalanso, nyengo inali itapita.

Fanesi anathamangira ku nyumba imene Chisekeseke ankachita lendi, ndipo anapeza pakhomo pali loko. Lamya yake sinkalowanso. Patapita mwezi kunabwera kalata yochokera kutsidya, ndipo Jelasi ndiye anamuwerengera. Inkati eni kampani ya kunjayo ndi achisoni kwambiri, koma kampani ya ku Malawi ndi yoima payokha, ili ndi woyang'anira wake, ndipo odandaula aonane ndi ameneyo.

Alimi anabwera m'mawa wina n'kukhala pansi pakhomo pa sitolo. Sanatukwane ayi, ndipo bola akanatukwana. Mayi wina wamasiye anaika patsogolo pa Fanesi thumba lopanda kanthu, nafunsa motsitsa mawu.

"Anakubala, ife mzunguyo sitimudziwa. Tinagula chifukwa apa palembedwa inu. Nanga ana anga adya chiyani chaka chino?"

Fanesi anayang'ana zilembo zofiirazo. Analira pamaso pa anthu onsewo, kulira kwa manyazi ndi chisoni, podziwa kuti njala imene ikubwerayo yalowa m'midzi kudzera pakhomo pake. Sitolo inatsekedwa chaka chomwecho. Ngakhale atayesa kugulitsa tomato, anthu ankadutsa n'kukagula kwa wina. Anakalamba akulima kadimba kuseri kwa nyumba, ndipo aliyense womufunsa za Chisekeseke ankamuyankha mawu amodzimodzi: "Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka."

Masiku ano mwambiwu timaunena pokumbutsana kuti mlendo timulandire bwino, poti sakhalitsa. Izo n'zoona, koma Fanesi ankatanthauzanso china. Mame amanyowetsa udzu wonse m'mawa, koma dzuwa likakwera sawonekanso, ndipo udzu umapsa wokha. Mlendo akafuna kuchita nanu malonda, mupatseni mpando ndi madzi akumwa, koma musanamubwereke dzina lanu, funsani kuti zikadzavuta adzayankhe ndani. Iye ali ndi kwawo kothawira, inu kwanu ndi konkuno.