Katupe wa pa Ukwati wa Tiyezge

Ana anga, mwambi uliwonse uli ndi kwawo, monga momwe munthu alili ndi mudzi umene anabadwira. Umene ndikufuna kukusimbiraniwu kwawo ndi kumpoto, kuseri kwa mapiri, kumene kuli kanyanja kakang'ono kotchedwa Kalwera.

Kale m'Kalwera munali makumba onenepa ndi milamba ikuluikulu, yoti munthu poikoka ankachita kuponda mwendo pa tsinde la bango kuti isamugwetsere m'madzi. Pakati pa owedza a kumeneko panali bambo wina, Yotamu Chavula. Ukonde analibe. Chake chinali mbedza, nsungwi yaitali, ndi kachitini ka nyongolotsi. Pobwerera kunyumba ankadutsira pakhomo pa mayi wina wamasiye, NyaKumwenda, n'kukoleka nsomba imodzi pa mpanda popanda kunena odi. Sankafuna kuti mayiyo avutike ndi kugwada pothokoza.

Koma zaka zinasintha. Mvula inayamba kugwa mwa apo ndi apo. Anthu anatema mabango a m'mbali kuti alime madimba, ena n'kubwera ndi maukonde a maso ang'onoang'ono osasiya ngakhale kansomba kobadwa dzulo. Milamba ikuluikulu inatsala ya m'nkhani. Yotamu ankatha kukhala padzuwa mpaka msana kuwawa, n'kubwerako ndi tinsomba tosadzaza mbale.

Chaka chimenecho mwana wake wamkazi, Tiyezge, anapeza banja. Mwamunayo anali wa ku Nkhata Bay, ndipo ukwati anaupangana mwezi wa Okutobala, nthawi imene dzuwa limang'amba nthaka, nyanja n'kuphwera mpaka kusiya matope osweka m'mbali monse. Yotamu anali atauza kale akuchimuna kuti ndiwo za pa ukwati zikhala nsomba za m'Kalwera. Ananena zimenezi akuseka, osaganizira za mwezi.

Masiku atayandikira, anabwera mlamu wake Zondiwe, mchimwene wa mkazi wake NyaMhango. Anapeza Yotamu akuyanika nsomba zake pa kathandala.

"Alamu, izi ndi nsomba kapena ndi zikhadabo?" anafunsa Zondiwe, atanyamula imodzi kumchira.

"Sekani, alamu. Ndi zomwe madzi andipatsa."

"Ine ndiseka pano, koma Atonga akakasekera kwawo. Anthu amene aja nsomba amaidziwa ndi fungo lokha. Mukawapatsa nyemba, adzakuikani m'nyimbo. Ndiye mwana wathu azikayenda bwanji pakati pa apongozi ake? Azikati, si uyu wa kwa msodzi wopanda nsomba?"

NyaMhango, amene ankasankha mpunga pakhonde, anaweramitsa mutu. Mawuwa anamulasa, pakuti Tiyezge ankapita kutali kumene kunalibe mbale wake aliyense womuyankhira.

"Nanga titani, achimwene?" anafunsa motsitsa mawu.

"Katupe," anatero Zondiwe.

Katupe, ana anga, ndi chitsamba chimene masamba ake akasinjidwa n'kuthiridwa m'madzi, nsomba zimaledzera n'kuyandama. Yotamu anapukusa mutu. Ananena kuti katupe ndi wa m'zithaphwi zotsalira mtsinje ukauma, osati wa m'nyanja yomwe anthu amadalira chaka ndi chaka.

"Ndani wanena za nyanja yonse?" anatero Zondiwe. "Pa Khosi paja, pamene madzi amalowerera m'mabango. Mutseke pakamwa pake ndi matope ndi udzu, tithire m'katimo basi. Zifa za m'menemo zokha. Kamodzi kokha, alamu. Mwana wamkazi muli naye mmodzi."

Yotamu anapitiriza kuyanika nsomba zake. Mawa lake anapitanso ndi mbedza, nabwerako ndi mlamba umodzi woonda, mutu kukula kuposa thupi. Anauika pansi, nayang'ana mkazi wake.

"Kathyoleni masambawo, NyaMhango."

Atamva kuti mnzake NyaMhango akufuna kusinja katupe, NyaKumwenda wamasiye uja anabwera akugubuduza mtondo wake wakale wong'aluka. "Musaipitse mtondo wa ufa," anatero. "Sinjirani muno, ine ndinkafuna kuuwaza nkhuni." Sanafunse kuti katupeyo akupita kuti. Anangogwira musi wachiwiri n'kuthandiza mnzake. Anasinja, nasungunula, mpaka ndowa zingapo zinadzaza madzi obiriwira a thovu.

Kutatsala tsiku limodzi kuti alendo afike, anatutira ndowazo ku Khosi m'mawa. Zondiwe anabwerera kumudzi kukatenga madengu. NyaMhango anatsala kumtunda kwa Khosi ndi ndowa, ndipo Yotamu ananyamula khasu kuti akatseke pakamwa pake, kumene madziwo amakumana ndi nyanja.

"Musathire mpaka ndikuwe," anatero. "Ndikatseka, ndikuwa."

"Ndamva, bambo a Tiyezge."

Yotamu analowa m'madzi, nayenda pakati pa mabango mpaka mkazi wake sanamuonenso. Akuyenda choncho, phazi lake linagwera m'kadzenje. Anasuntha pang'ono, linagweranso m'kena. Anaima. Madzi atadikha, anaona kuti pansi ponse panali maenje ozungulira ngati mbale, kuyambira pamene anaima mpaka kumene maso ake analekezera. Iye monga msodzi anazidziwa: zinali zisa za makumba.

Anakhala chiimire osagwedezeka. Posakhalitsa linatulukira kumba lalikulu, la msinkhu umene anali asanauone kwa zaka. Linayasamula, ndipo m'kamwa mwake munatuluka tiana tambirimbiri ngati utsi. Paja makumba amalerera ana m'kamwa; mayi amapirira njala masiku ambiri kuopa kumeza ana ake. Yotamu atasuntha mkono, tianato tinathamangira m'kamwa mwa mayi wawo, iye n'kutseka. Kuseri kwake kunali lina, ndi linanso, ndi ena osawerengeka. Apo m'pamene anazindikira chifukwa chimene mbedza yake inkabwerera yopanda kanthu. Nsomba zazikulu sizinathe ayi. Nyanja itaphwa, mabango a kwina atatemedwa, zonse zinathawira pa Khosi kudzaswa, ndipo nsomba ya ana m'kamwa siluma nyambo.

Anaponya khasu m'mabango osatseka kanthu. Anatembenuka, naika manja kukamwa.

"NyaMhango! Musathire! Katupeyo katayeni kuthengo!"

Koma mphepo inali itayamba, mabango akuchita phokoso. Mawu akamaoloka madzi pa mphepo amafika ataduka mutu ndi mchira. NyaMhango, amene anali tcheru kudikira kukuwa kwa mwamuna wake, anamva dzina lake, kenako anamva liwu limodzi lokha: "tayeni!"

Ananyamula ndowa yoyamba nakhuthulira m'madzi. Anathamangira yachiwiri. Ankafulumira kuti mwamuna wake asamuone ngati waulesi pa ntchito ya mwana wawo. Pamene Yotamu ankatulukira m'mabango, akupuma movutika, miyendo itachekekachekeka, mkazi wake anali akugwedeza ndowa yomaliza kuti pasatsale kanthu.

"Mwatani, mayi?"

"Ndataya. Si mwati nditaye?"

"Ndati kuthengo. Sindinatseke. Muli ana m'menemu, NyaMhango. Nyanja yonse ili muno."

NyaMhango anayang'ana mwamuna wake, nayang'ana madzi. Thovu lobiriwira linali litayamba kuyenda, mphepo ikulikankhira m'mabango kulowera kunyanja. Sanalire. Anangomanga chitenje chake, nalumphira m'madzi ndi ndowa, nayamba kutunga. Ankatunga pamene pali thovu, kuthamangira kumtunda, kukhuthula, kubwereranso. Akatunga apa, thovu laonekera apo. Maso anafiira, manja anayamba kuyabwa, koma sanaleke.

"Ndithandizeni!" anakuwa. "Tengani ndowa inayo! Tiwaola, sanapite patali!"

Yotamu anatenga ndowa, natunga naye limodzi, ngakhale ankadziwa kuti n'zosatheka. Sanafune kuti mkazi wake avutike yekha iye ataima. Koma nsomba yoyamba itayandama chagada pafupi ndi bondo lake, mimba yoyera ili m'mwamba, anaika ndowa pansi. Anagwira mkazi wake pamkono, namulanda yake mofatsa.

"Lekani, NyaMhango. Madzi akatayika saoleka."

Anamutulutsa m'madzi, namukhazika pamthunzi, namutsuka m'maso ndi madzi akumwa amene anabwera nawo m'chigubu.

Zondiwe anafika ndi madengu, anthu a m'mudzi ali pambuyo pake. Ana ankakuwa ndi chimwemwe potola nsomba ndi manja. Madengu anadzaza, ena anavula malaya n'kumangamo. Yotamu anatola kumba limodzi nalitsegula kukamwa ndi chala. Tiana tinali momwemo, tonse titafa. Analibwezera m'madzi. Pofika masana, m'mbali mwa mabango munali mutayera ndi tinsomba tating'ono kwambiri toti ngakhale mwana sakanatola.

Akuluakulu ena atafunsa mokwiya kuti wathira katupe osatseka Khosi ndani, NyaMhango anafuna kuyankha, koma mwamuna wake anamutsogolera. "Ndine," anatero. "Ndine ndinalamula kusinja, ndine ndinakuwa." Zondiwe anali ataweramira dengu lake ngati sakumva.

Ukwati unachitika. Alendo a ku Nkhata Bay anadya, nayamikira kuti sankadziwa kuti kumapiri kuli nsomba zotere. Yotamu ankangovomera ndi mutu. Tiyezge, ngakhale anali mkwatibwi woyenera kukhala chete maso ali pansi, anaona kuti bambo ake sakugwira mbale ya nsomba. Ananong'oneza mnzake womuperekeza, ndipo posachedwa pamaso pa bambowo panafika kambale ka nyemba.

Mvula itagwa, Kalwera inadzazanso, madzi ake n'kuyera ngati kale. Koma munalibe ana oti akule. Chaka chotsatira owedza ankabwerako ndi matemba okha. Chinacho, ambiri anapachika mbedza zawo kudenga. Yotamu ankapitabe, nthawi zambiri wopanda nyambo, kukangokhala pa Khosi n'kumayang'ana pansi pa madzi ngati pali chisa chatsopano. NyaMhango ankamutengera madzi akumwa n'kukhala naye pambali. Za liwu lija sanakumbutsane mpaka imfa inawalekanitsa. Amene amapita ku Kalwera masiku ano amati ukapirira tsiku lonse ukhoza kugwira kamlamba, koma makumba aakulu aja palibe anawaonanso.

Mawu amene Yotamu anauza mkazi wake m'madzi muja anafalikira m'midzi, ndipo mpaka lero timati: madzi akatayika saoleka. Tanthauzo lake ndi lakuti pali zinthu zimene zikachitika sizibwezeka, ngakhale munthu atamva chisoni chotani, ngakhale sanachite dala. Nthawi yoganiza bwino ndi pamene madzi akadali m'ndowa, kapenanso pamene masamba akadali pa chitsamba. Yotamu anasintha maganizo, koma anawasintha katupe atafika kale m'mphepete mwa nyanja, pamene liwu limodzi losamveka bwino linali lokwanira kuwononga zonse.

Koma muonenso, ana anga, mmene mwambiwu unanenedwera poyamba. Sunali wotonza. Yotamu anaunena pofuna kutulutsa mkazi wake m'madzi amene ankamuwotcha maso. Inunso mukadzapeza mnzanu akulimbana ndi kuola zimene zatayika kale, musadzaime pamtunda n'kumuponyera mwambiwu. Mudzayambe mwalowa m'madzimo, mumulande ndowa, kenako muunene motsitsa mawu.