Denga la Nasimelo

Kale, makolo athu asanaone lata ndi maso, panali midzi iwiri yoyang'anana, wa Mlombwa ndi wa Nthudza. Pakati pake panagona dambo la udzu wofolera, udzu wautali woti mphepo ikawomba unkaoneka ngati msana wa nyama yaikulu yopuma ili mtulo.

Dambolo linali ndi lamulo limodzi. Munthu sankalowetsamo chikwakwa udzu usanagwetse njere zake, kuti chaka chamawa udzamerenso. Ukagwetsa, midzi iwiriyo inkapangana tsiku, ndipo onse ankayamba kumweta m'mawa umodzi.

Ku Mlombwa kunali mayi wina dzina lake Nasimelo. Mwamuna wake Kadzamira anali mkamwini wochokera ku Nthudza, munthu wa mawu ochepa koma wa manja. Chaka chimenecho anamangira mkazi wake nyumba yatsopano. Makoma anamata, phaso anakweza namanga ndi luzi. Chinatsala ndi udzu basi. Nasimelo anali ndi pakati pa mwana woyamba, ndipo m'mawa uliwonse ankaima m'nyumbamo n'kuyang'ana thambo kudzera m'mipata ya phaso, akuwerenga miyezi ya zinthu ziwiri nthawi imodzi: ya mwana ndi ya mvula.

Kutatsala masiku atatu kuti tsiku lomweta lifike, anthu anapeza kuti wina wamweta mitolo isanu chakumbali ya ku Nthudza. Mlongo wake wa Nasimelo, Chimbalanga, amene anali mwini mbumba, anapsa mtima.

"Alamu," anatero kwa Kadzamira, "abale anu aja manja amawayabwa eti? Lero ndi udzu, mawa adzatimwetera ndi ndevu zomwe."

"Mitolo isanu yokha, alamu. Tiyeni tikafunse. Mwina ndi nkhalamba ina imene denga laigwera."

"Kufunsa wakuba? Inu ndinu tambala wobwereka, kuliratu mulira kuno koma mtima uli kwanu."

Chimbalanga anasonkhanitsa amuna, napita kukathyola mipanda ya ku Nthudza. A ku Nthudza anabweza pogwetsa nkhokwe ziwiri. Tsiku lomweta linafika n'kudutsa. Zikwakwa zinali zonola bwino, koma tsopano zinkagwiridwa poopsezana. Amayi akayandikira dambo, amuna a tsidya linalo ankawathamangitsa. Kadzamira anauzidwa kuti anyamule mphasa yake abwerere kwawo, ndipo anapita akucheuka.

Mwezi unatha, wina unatha. Udzu unauma gwa, uli chiimire.

"Achimwene," anatero Nasimelo tsiku lina, "mitambo yayamba kusonkhana. Nyumba yanga ili mbulanda."

"Usadandaule, mlongo wanga. Tikathana nawo amenewa, dambo lonse ndi lathu. Ndidzakufolera denga lokhuthala loti mbewa izisochera."

"Mwanayu sadziwa kudikira nkhondo."

"Nkhani za amuna izi, iwe."

Masana ena otentha, Chimbalanga anaganiza zomaliza nkhaniyo. Anatenga chikuni cha moto, nazungulira kumbali ya ku Nthudza, nayatsa udzu wa kumeneko kuti adani asapeze ndi kamtolo komwe. Koma moto sudziwa malire. Mphepo inatembenuka, malawi analumpha kamtsinje ka pakati, ndipo dzuwa lisanapendeke dambo lonse linali lupsa lakuda bii. Phulusa linagwa m'midzi yonse iwiri mofanana.

Chimbalanga anabwera nkhope ili mwaye, komabe akuguguda pachifuwa. "Aone tsopano! Chaka chino a ku Nthudza agona akuwerenga nyenyezi."

Nasimelo anangoyang'ana phaso la nyumba yake.

Patapita masiku anayi kunagwa chizimalupsa, mvula yoyamba ija, ndipo inagwa ndi ukali. Nasimelo anabisala pakhonde la amayi ake akuona madzi akutsika m'makoma amene mwamuna wake anamata ndi manja. Dothi linafewa, linayamba kuyenderera, kenaka khoma la kum'mawa linakhala pansi ngati munthu wotopa.

Mvula itakata, anakatenga nthungo ya Chimbalanga pamene inatsamira, napita nayo pabwalo pamene amuna anali kukambirana zokamenyanso. Anaiika pamapazi pa mlongo wake.

"Achimwene, ndamva kuti munapambana. Zikomo. Tsono kwerani mundifolere nayo nyumba."

Amuna ena anafuna kuseka, koma aliyense anakumbukira kuti kwake nakonso kwadontha. Chimbalanga anayang'ana nthungoyo, nayang'ana mimba ya mlongo wake.

"Miyezi iwiri yathunthu mwakhala mukumenyana," anapitiriza Nasimelo. "Ndionetseni chimene chaima chifukwa cha nkhondo yanuyi, ngakhale khola la nkhuku."

Atatero ananyamuka, nalowa m'lupsa muja wapansi, pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno, kulunjika ku Nthudza. Palibe anamuletsa. Kumeneko anapeza mphasa zitayanikidwa pamipanda, ufa wonyowa uli pamalichero. Apongozi ake anamulandira akulira. Anamuuzanso kuti amene anamweta mitolo isanu ija anali mayi wamasiye, amene denga linamugwera mwana wake akudwala, ndipo anachita manyazi kupempha.

Nasimelo anagwada pamaso pa anthu a kumeneko. "Sindinabwere kudzaweruza mlandu. Mwana ali m'mimbamu ndi wanu, ndi wathunso. Ndikupempha kamanja kamodzi ka udzu pa denga lililonse."

Udzu watsopano kunalibe dziko lonselo. Choncho banja lililonse linasolola pang'ono m'mphepete mwa denga lake lakale. Kadzamira anasenza mtolo woyamba. A ku Mlombwa ataona mzere wa anthu ukubwera ndi udzu pamutu, opanda chida m'manja, anachita manyazi, nayamba kusolola wawo. Chimbalanga anasasula denga lonse la nkhokwe yake, naponda dothi lokonzera khoma lija osatukula maso.

"Alamu," anatero pomaliza, mawu ali pansi, "ponyani luzi kuno."

Denga linatuluka lamawangamawanga, pena lakuda ndi utsi, pena lotuwa. Silinali lokongola. Koma mvula yaikulu itabwera, mwana wamkazi anabadwira pouma.

Kuchokera pamenepo anthu amati, "Nkhondo simanga mudzi." Tanthauzo lake n'lakuti mkangano ungathe kugwetsa, kutentha ndi kuthamangitsa, koma sungaimike ngakhale mzati umodzi. Wopambana ndi wogonja mvula imawanyowetsa chimodzimodzi. Kaya ndi pabanja, kaya ndi pakati pa mayiko akuluakulu, chimwemwe cha munthu n'chaching'ono ndithu: pogona pouma, ana ali bwino, ndi mnansi woti ungamufunse mawu usanatole chikuni cha moto.