Nankhanu ndi Dimba la Kumtunda

Kalekale, mvula isanaphunzire kunama, nyama za m'chigwa china zinakumba ngalande yopatutsa madzi mumtsinje kuti zizilima m'chilimwe. Ndikati zinakumba, ana inu, mundimve bwino: akazi ndiwo ankakumba, amuna ankaloza pokumba.

Ngalande itatha, amuna anakhala pansi pa mkuyu n'kugawa madimba. Wapampando anali Njati, chimphona cha mimba ngati nkhokwe. Iye ndi anzake anatenga chidikha chonse cha kumunsi, kumene madzi ankafika okha, n'kudzalamo nzimbe. Akazi anawapatsa kumtunda, kouma gwaa, kothirira ndi mtsuko. Anaikanso lamulo lakuti pamsonkhano wa madzi mkazi azikhala kumbuyo, asatsegule pakamwa.

Pakati pa akaziwo panali Nankhanu, mayi wamasiye wa ana asanu ndi awiri. Tsiku ndi tsiku ntchito yake inali imodzi: tsika, tunga, kwera, thira, tsika, tunga, kwera, thira. Nanga ndi kayendedwe kake ka cham'mbali kaja, theka la madzi linkathera m'njira. Mpiru wake unayamba kufota, ndipo mpiruwo ndiwo unali chakudya chokha cha ana mpaka mvula idzagwe. Mtima unamuwawa kwambiri.

Anapita kwa Njati, nagwada.

"Bambo, tigawireniko kamzere kamodzi kumunsi kuno. Ana afa ndi njala."

"Mayi, nkhani za madzi timakamba kumsonkhano."

"Kumsonkhanoko sitiloledwa kuyankhula, bambo."

"Ndiye basitu," anatero Njati, uku akutafuna nzimbe, kukutu kukutu.

Nankhanu sanalimbane naye, ankadziwa kuti fupa lokakamiza limaswa mphika. M'mawa mwake, ataona Njati akubwera kudzamwa pachitsime, anakodola mnzake Nanjiwa n'kuyamba kumunong'oneza. Koma kunong'ona kwake kunkamveka mpaka kutsidya.

"Asisi, ine a Njati amandimvetsa chisoni. Bambo wamkulu ngati uja, kulima kunsi kwa akazi? Ife tikamathirira kumtundaku timawaonera paliwombo. Alendo akabwera amachita kufunsa kuti kodi wamkulu pano ndani, ali pamwambayu kapena ali pansiyo."

"Musatero asisi, angamve," anayankha Nanjiwa, mokweza kuposa mnzakeyo.

Njati madzi anamutsamwa. Tsiku lomwelo anaitanitsa msonkhano.

"Amuna anzanga, tinaziona kuti zoti mwamuna akhale kunsi kwa mkazi? Kuyambira lero ife tikulima kumtunda, akazi atsikire kuchidikha. Ndipo lamulo limeneli lisadzasinthe mpaka nyanga zangazi zitazuka."

Amuna onse m'manja phwa phwa phwa. Nanga analipo mwa iwo amene anathirirapo dimba? Mkazi wa Njati anatsegula pakamwa kuti amuchenjeze, koma mwamuna wake anamutuzulira maso.

"Akazi, chete."

Mayiyo anangowerama, mapewa akugwedezeka ndi phwete.

Akazi anatsika akuimba. Nankhanu anaokera mpiru wake m'chidikha, anakanda kamzere ndi chala chimodzi, madzi n'kulowa okha, chololo.

Nayenso Njati anadzala nzimbe zake kumtunda. Anakumba chingalande chachikulu chokwera chitunda, n'kuima pamwamba, chifuwa patsogolo. Madzi anabwera, anafika patsinde, anaima.

"Kwerani."

Madzi phee.

"Ndati kwerani. Simukundidziwa? Ndine wapampando wanu."

Madzi anakhota mwaulemu n'kutsikira kumpiru wa Nankhanu.

Sabata isanathe, nzimbe zinayamba kupsa nsonga. Njati anapita kwa mkazi wake.

"Mayi, mukanditungireko timitsuko tiwiri."

"Pepani bambo, dimba langa lamera udzu. Madzi achuluka kwathu kuno."

Njati anaitanitsanso msonkhano, akuti lamulo lija aliunikenso bwino. Nankhanu anali kumbuyo komwe kuja, monga mwa lamulo. Anangokweza chala n'kuloza pamutu pa Njati. Onse anacheuka, anayang'ana. Nyanga zinali zikadalipo, zonse ziwiri, zolimba gwa. Msonkhano unathera pomwepo.

Basi, chimphona chija chinatola mtsuko. Zoti posenza pamafunika nkhata sichinkadziwa, ndipo kufunsa akazi chinkachita manyazi. Tsika, tunga, kwera, thira. Tsika, tunga, kwera, thira. Mtsuko unachipsinja, unachipsinja, mpaka nyanga zinaphwatalala pamphumi. Mukadzaona njati, ana inu, mudzayang'ane pamutu pake, mudzandivomereza.

Tsiku lina Nankhanu anakumana ndi Njati pachitunda, atasenza mtolo wa mpiru wobiriwira, ana onse asanu ndi awiri akumutsata, mimba zili tantha.

"Mwaswera bwanji, bambo? Tikukuonanitu, muli pamwamba penipeni."

Njati anangopitiriza kukwera ndi mtsuko wake, ali wefuwefu.

Nthano yanga yathera pamzere womwewu. Akuluakulu amene mwaweramitsa mitu apo, sindinatchule dzina la munthu. Ndangoti wofuna kugawa madzi ayambe wafunsa amene amawasenza.