Besi ya Chivomezi pa Phwando la Bambo Ake

Chivomezi anaima m'shopu yokonzera mawailesi ya mlamu wake, manja ali m'mutu. Dzinali anamupatsa ndi anzake a m'bandi, chifukwa akagwira gitala ya besi mawindo ankanjenjemera. Koma m'mawa umenewo wonjenjemera anali mwini wake. Ampu yake, bokosi lija lokweza mawu a gitala, inali patebulo matumbo ali pamtunda, pamene phwando linali loti liyambe 2 koloko masana.

Silinali phwando wamba. Bambo ake ankapuma pantchito ku fakitale yocheka matabwa, kumene makina anawadya makutu kwa zaka makumi atatu. Mkuluyu anali asanamvepo mwana wake akuimba, ndipo ankanena mosapsatira kuti gitala ndi khasu la alesi. Chivomezi anali atawapekera nyimbo yawoyawo, yoti pakati pake besi ilire yokha. Ankangofuna chinthu chimodzi basi: kuti bambo ake amve.

"Alamu, yanuyi lero siidzuka," anatero wokonza mawailesi uja. "Tengani yangayi, koma mumvetse. Iyi ndi ya gitala wamba. Sipika yake ndi kapepala kopyapyala, besi imakakankha kuposa mphamvu zake. Voliyumu isapitirire pa folo, kabatani ka mawu a pansika mukachepetse, ndipo zingwezo musamazimenye ngati mukupha njoka. Mukamva ikuchita phwerere ngati yatsegula m'mimba, tsitsani pomwepo."

"Ndamva, alamu," anayankha Chivomezi, maso ali pa wotchi.

Mu holo ya fakitale mipando ya pulasitiki inali itadzaza. Bambo aja anakhala mzere wachitatu, jekete atamanga mabatani onse, manja pamawondo, nkhope ili gwa ngati munthu wodikira chigamulo cha mlandu.

Pali chinthu chimene oimba besi onse amachidziwa, koma mtima ukakhala m'mwamba amachiiwala. Munthu woima phazi ndi phazi ndi ampu samadzimva bwino, pamene wokhala chapatali besi imamufika mpaka m'mafupa. Nyimbo yoyamba itayamba, Chivomezi ankangomva ng'oma ndi mawu a woimba. Anayang'ana bambo ake, nkhope yawo sinasinthe. Mantha anamugwira.

"Ine wa makutu abwinobwino sindikumva," anadziuza mumtima, "nanga iwo?"

Pa nyimbo yachiwiri anakweza kufika pa sikisi. Bambo ake ali chete. Anafikitsa pa seveni, kabatani ka mawu a pansi kaja n'kukapotokola mpaka polekezera. Sipika inayamba phwerere uja, ndipo kumbuyo kwa holo mlamu wake anaimirira n'kumagwetsa dzanja pansi mobwerezabwereza. Chivomezi anamuona bwinobwino, koma anatembenukira kukhoma. Kafungo ka waya wopserera kanamufika m'mphuno, iye n'kudzinamiza kuti mwina kakuchokera kumakina. Munthu akafuna kudzipusitsa sasowa umboni.

Kenako mtsogoleri wa bandi analengeza kuti nyimbo yotsatira ndi mphatso ya mwana kwa bambo ake. Anthu anaomba m'manja. Vesi yoyamba inadutsa movutikira, kenako ng'oma zinaleka, gitala ya mnzake inaleka, holo yonse n'kutsala ikudikira iye yekha. Chivomezi anakweza chala chachikulu n'kumenya chingwe chonenepa chija ndi mphamvu zake zonse.

Phwaa! Chimene chinatsala ndi kamawu ngati ka ntchentche yotsekeredwa m'botolo. Zala zake zinapitiriza kuthamanga pazingwe, koma palibe chinkamveka. Ena anaseka, ena anangozolika.

Anthu atayamba kubalalika, mlamu uja anasuzumira kumbuyo kwa ampu, n'kupeza pepala la sipika litang'ambika kuchokera pakati mpaka m'mphepete. Anangoinyamula n'kutuluka nayo, ndipo Chivomezi akanakonda akanamukalipira.

Bambo aja anabwera pang'onopang'ono, akulankhula mokweza monga amachitira anthu ovutika kumva.

"Iwe, nyimbo yoyamba ija ndinaimva. Makutuwa ayi, koma apa," anatero akudzigunda pachifuwa. "Ndi mpando womwe unkanjenjemera. Ndinati mumtima, kani mwanayu dzanja ali nalo! Kenako kunabwera chiphokoso ngati sowo yathu yochekera matabwa ikakumana ndi msomali, ine n'kusiya kumvetsera. Tsono mlongo wako akuti panali nyimbo yanga. Ili kuti?"

Gitala inali ikadali pakhosi pa Chivomezi, chingwe chake cha magetsi chikulendewera pansi chopanda polowa. Fakitale siimutsanzika munthu kawiri, ndipo nyimbo ija inathera m'zala zake.

Akuluakulu sananame: ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.